Street Fighter si juga, ndatsegula makina onse awiri

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani imene yafala kuno kuchigwa, yoti malo onse amene ana amasewerako magemu atsekedwe chifukwa akuti ndi juga. Mawuwa ndinawamva ndi makutu anga pamsonkhano wa makolo kusukulu kumene mwana wanga wamkazi amaphunzira, ndipo bambo amene anawayankhula anawomberedwa m'manja kwambiri. Tsikulo sindinaimirire. Dzuwa linali paliwombo, anthu atatopa pansi pa mtengo wa nimu, ndipo zimene ndinali nazo sizikanatha m'mphindi ziwiri zimene wapampando ankapereka. Ndiye ndati ndilembe kuno, mwina bambowo amawerenga nyuzipepala yanuyi.

Ndine wokonza mawailesi ndi ma TV pano pa Nchalo, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa 20. Kuseri kwa benchi yanga kuli chisakasa cha malata momwe muli ma TV awiri ndi makina a PlayStation. Wina anena kuti ndikuteteza nsima yanga. Zoona, ndalama yogulira ndiwo imachokako. Koma chimene ndikulembera n'chakuti ine ndatsegulapo makina a gemu ndi sikuludiraiva, ndatsegulaponso makina a juga, ndipo ndikudziwa kuti m'kati mwake muli mitima iwiri yosiyana. Kuti ndifotokoze bwino nditenga gemu imodzi yokha imene ndakula nayo, Street Fighter, gemu ya anthu awiri omenyana pa TV.

Ndinaiona koyamba mu 1996, ndili Sitandade 8. Mnzanga wina bambo ake ankagwira ntchito ya ukalaliki kukampani ya shuga, nthawi imeneyo tikuitchula kuti SUCOMA, ndipo nyumba yawo inali ndi magetsi. Achinyamata a lero sadziwa kuti Malawi analibe wailesi ya kanema mpaka 1999. TV imene inali m'nyumba ngati imeneyo inali yoonerapo makaseti a vidiyo basi. Tsiku lina bambo aja anabwera kuchokera ku Limbe ndi katoni, m'kati muli kabokosi kapulasitiki, mapadi awiri ogwira m'manja posewera, kamfuti kowombera abakha a pa TV ndi makaseti achikasu. Kaseti ina inalembedwa kuti muli magemu 9999, koma ukayatsa unkapeza asanu kapena asanu ndi imodzi akungobwerezedwa. Ina inali ndi chithunzi cha mnyamata wovala zoyera, atamanga kansalu kofiira kumutu. Ameneyo anali Ryu.

Tinkakhala pasimenti anyamata asanu ndi atatu, thukuta lili kamukamu. Mukudziwa kutentha kwa kuno mwezi wa Okutobala, pamene ku Ngabu kumapitirira madigiri 40. Adaputa inkatentha moti mmodzi wa ife ntchito yake inali yoikupiza ndi chikatoni. Kaseti ikakana tinkaizula, kuuzira mpweya, n'kuibwezera. Wogonja ankapereka padi kwa wotsatira, wopambana n'kukhalabe. Lamulo limeneli palibe anatiphunzitsa, linabwera lokha ngati momwe zimakhalira pabawo.

Zimene sitinkadziwa n'zakuti gemu tinkaseweraiyo inali yabodza. Kabokosi kaja kanali kotengera makina a Famicom amene kampani ya Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, ndipo eni ake a Street Fighter II, kampani ya Capcom ya ku Osaka, sanaipangepo ya makina amenewo. Anthu ena anangoijambulanso okha, n'kuipanikiza m'kaseti yaing'ono. Omenyana anali anayi: Ryu, Guile, Chun-Li ndi Zangief. Makaseti ena amene anabwera pambuyo pake ankaonetsa nkhope zambiri posankha, koma anali anthu omwewo atangowasintha mtundu wa zovala. Mabatani anali awiri, limodzi la chibakera, lina la theche. Mawu ankatuluka ngati kulira kwa nkhululu. Komabe ife tinkaikonda ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero sindinyoza amene anaipanga, chifukwa popanda iwo mwana wa kuchigwa sakanaiona.

Yeniyeni ndinakaiona ku Johannesburg mu 2002, nditapita kukafuna ganyu ngati anzanga ambiri. Ndinapeza ntchito kwa bambo wina amene ankaika makina a magemu m'timasitolo ta m'makona, tija togulitsa buledi, mkaka ndi tchipisi. Sabata iliyonse tinkazungulira, kutsegula, kuwerenga makobidi, kugawana ndi mwini sitolo, ndi kukonza chimene chawonongeka. Tsiku loyamba kuona chibokosi chachitali ngati munthu, chili ndi ndodo ziwiri zowongolera ndi mabatani 12, ndinaima kaye osayankhula. Ryu yemwe uja anali wamkulu ngati dzanja langa, akupuma, lamba wake akugwedezeka, ndipo akaponya moto wake ankafuula mawu omveka bwino. Kumbuyo kwa womenya wina, Dhalsim, kunali njovu zikukweza zitamba. Apo m'pamene ndinazindikira kuti kwathu tinkadya mkute.

Bwana wangayo anali munthu wokonda kufotokoza, ndipo zina ndadzawerenga ndekha pafoni m'zaka zapitazi. Street Fighter yoyamba inatuluka mu 1987, motsogozedwa ndi Takashi Nishiyama ndi Hiroshi Matsumoto. Munthu unkangosewera ngati Ryu, ndipo mnzako akalowa ankakhala Ken. Makina ake ena analibe mabatani wamba. Anali ndi zimphira ziwiri zazikulu zimene unkazimenya ndi chibakera chenicheni: ukamenya pang'ono, Ryu amamenya pang'ono, ukamenya ndi mphamvu, nayenso amatero. Anthu ankapweteka manja ndipo makinawo ankawonongeka. Ine monga wokonza ndimamvetsa mavuto amene anzanga a nthawiyo ankakumana nawo. Njira imene inakhazikika inali ya mabatani 6, atatu a zibakera pamwamba, atatu a mateche pansi, lopepuka, lapakati ndi lolemera. Dongosolo limenelo lilipo mpaka lero. Gemu yoyambayo inalowa m'nyumba mu 1988 pa makina a PC Engine ogwiritsa ntchito CD, itasinthidwa dzina kukhala Fighting Street, koma sinagwedeze dziko. Nishiyama anachoka n'kupita ku kampani ya SNK, kumene anakapanga Fatal Fury.

Chimene chinagwedeza dziko ndi Street Fighter II ya mu 1991. Anaikonza Akira Nishitani ndi Akira Yasuda pansi pa Yoshiki Okamoto, ndipo nyimbo zake zambiri anapeka mayi wina, Yoko Shimomura. Omenyana anali 8, aliyense ndi dziko lake ndi kamenyedwe kake: Ryu ndi E. Honda a ku Japan, Ken ndi Guile a ku America, Chun-Li wa ku China, Blanka wa ku Brazil, Dhalsim wa ku India, ndi Zangief wa ku Soviet Union, dziko limene linatha chaka chomwecho gemuyo itangotuluka. Ukawagonjetsa onse unkakumana ndi akuluakulu anayi. Pa anayiwo pali nkhani ya mayina. Ku Japan wankhonya uja dzina lake ndi M. Bison, ndipo amafanana kwambiri ndi Mike Tyson. Potumiza gemuyo kunja anaopa milandu, ndiye anasinthanitsa mayina: wankhonya anakhala Balrog, wa zikhadabo wa ku Spain anakhala Vega, ndipo dzina la M. Bison linapita kwa mkulu wovala chipewa cha usilikali. Mpaka lero osewera a mayiko osiyana akakumana amangonena kuti wankhonya, wa zikhadabo, wolamulira mwankhanza, kuti asasokonezane.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani yanga. Ndatsegula zitseko za makina amenewa kambirimbiri. Kutsogolo kuli kabowo koponyera khobidi. Khobidilo limadutsa pakachipangizo koyesa kukula ndi kulemera kwake, n'kugunda kawaya kamene kamauza bolodi, ubongo wa makinawo, kuti munthu walipira, kenako limagwera m'bokosi lokhoma. Likakhala lopindika kapena la dziko lina, limabwerera pakabowo kena kakang'ono. Basi. Mulibe mota yotulutsa ndalama, mulibe mbale yolandirira ndalama. Ngakhale utapambana anthu 50 motsatizana, makinawo sakupatsa tambala. Chimene umapeza n'chakuti umakhalabe pamalopo, ndipo amene wagonja ndiye amapisa m'thumba ngati akufuna kubwereranso. Munthu amalowa akudziwa kuti ndalama yake wagula nthawi yosewera, monga momwe amalipirira pakhomo la vidiyo sho kapena pabwalo la mpira.

Makina a juga ndi ena. Ali ndi nkhokwe ya makobidi ndi mota yake yowalavula, ndipo pabolodi pake pali malo pamene mwini wake amatchera kuti pa ndalama zolowa, zingati zibwerere kwa osewera. Zotsala ndi zake. Dzanja la wosewera lilibe mphamvu iliyonse pamenepo. Ukhoza kusewera zaka khumi osawonjezera luso ngakhale pang'ono, chifukwa palibe luso loti uphunzire.

Pa Street Fighter luso ndiye zonse. Kuti Ryu aponye moto uja, Hadouken, ndodo iyenera kuyenda pansi, pansi chakutsogolo, kutsogolo, n'kudina chibakera pa nthawi yake. Shoryuken, chibakera chokwera m'mwamba chija, ndi kutsogolo, pansi, pansi chakutsogolo. Guile safuna zimenezo: umagwira ndodo chakumbuyo masekondi ngati awiri, kenako kutsogolo ndi chibakera, ndiye wosewera Guile amaphunzira kudikira. Zangief alibe choponya, ayenera kuyandikira pang'onopang'ono akulandira mikwingwirima mpaka atakugwira. Ndipo pamwamba pa zala pali mutu. Uyenera kuwerenga mnzako: kodi adumpha? Kodi akadzuka pansi amenya kapena atchinga? Wandinyenga kawiri ndi njira iyi, kodi abwerezanso kachitatu? Akuluakulu amene amakhala pabawo pansi pa mtengo pa Dyeratu akuchita zomwezo, kuwerenga nkhomo zitatu kutsogolo ndi kuwerenga nkhope ya mnzawo. Ngakhale kulumikiza zibakera zingapo mosapatsa mpata, kumene osewera amati kombo, sikunakonzedwe dala poyamba. Kunabwera chifukwa opanga anafewetsa nthawi yolandirira mabatani, iwo anakuona n'kukusiya, osewera n'kukusandutsa luso lalikulu la gemu yonse.

Nkhani ya makope abodza, ngati aja a ku Nchalo, inawavuta a Capcom ngakhale pa makina akuluakulu. Mu 1992 anatulutsa Champion Edition, momwe akuluakulu anayi aja unkatha kuwasankha, ndiponso anthu awiri ankatha kusankha munthu mmodzi. Posakhalitsa kunabuka mabolodi osinthidwa mwakuba, otchuka ndi dzina la Rainbow Edition, othamanga kwambiri, momwe munthu ankaponya moto ali m'malere ndi kusintha womenya pakati pa nkhondo. Ku Johannesburg ndinawapeza ambiri oterowo, ndipo ana ankawakonda. Capcom inayankha kumapeto kwa 1992 ndi Hyper Fighting, yothamanga koma yolongosoka. Mu 1993 inabwera Super Street Fighter II ndi anthu anayi atsopano, Cammy, Fei Long, Dee Jay ndi T. Hawk, pa bolodi yatsopano ya CPS-2. Bolodi imeneyi ndimaikumbukira ndi chisoni. Pofuna kuletsa okopera, anabisa pulogalamu yake ndi kiyi amene ankasungidwa ndi kabatire kakang'ono kowotcherera pabolodipo. Kabatireko kakatha, kiyi amafufutika, bolodi yonse n'kufa ngakhale china chilichonse chili bwinobwino. Ndinanyamulapo mabolodi otero kukawaunjika pakona, oyera ngati atsopano. Chinanso chimene okonza okha amadziwa: cholumikizira cha makina a nthawiyo, chotchedwa JAMMA, chinali ndi malo a mabatani atatu okha pa munthu, ndiye mateche ankayenda pa mawaya akeake apadera. Mwana akabwera kudzadandaula kuti mateche sakugwira, ndinkadziwa kale pokayang'ana.

Za m'nyumba tsopano. Mu 1992 Street Fighter II inatuluka pa Super Nintendo, m'kaseti ya mamegabiti 16, ndipo inagulidwa makope 6.3 miliyoni. Kwa zaka zambiri palibe gemu ina ya Capcom imene inaposa pamenepo. Kuti ikwane anadula zina. Anthu anachepa msinkhu pang'ono, mayendedwe ena anachotsedwa, ndipo njovu za kwa Dhalsim zimene zinali 6 zinatsala 4. Koma mtima wa gemu unalipo wonse, ndipo padi ya Super Nintendo inali ndi mabatani 6 ndendende, anayi kumaso, awiri m'mapewa. A kampani ya Sega anavutikirapo. Padi ya makina awo a Mega Drive inali ndi mabatani atatu, ndiye pamene Special Champion Edition inabwera mu 1993, wosewera ankadina Start kuti asinthe kuchoka ku zibakera kupita ku mateche, nkhondo ili m'kati. Chaka chomwecho Sega inatulutsa padi ya mabatani 6. Ganizirani, gemu imodzi kusintha kapangidwe ka chipangizo cha kampani ina. Inafikanso pa Game Boy mu 1995, yopanda mitundu, ndipo ku Brazil kampani ya Tec Toy inaipanga ya Master System mu 1997, makina amene kwina anali ataiwalika kale. Zimenezi zimandikhudza, chifukwa zikuonetsa kuti si ife tokha amene tinkalandira zinthu mochedwa n'kuzikonda chimodzimodzi.

Nditabwerera kumudzi mu 2005 ndinabwera ndi Mega Drive imodzi ndi PlayStation yoyamba ija yotuwa. Pa PlayStation panali Street Fighter Alpha, mndandanda umene unayamba mu 1995, ndipo Alpha 3 ndiyo inagwira mitima ya anyamata a pano. Makina amenewo anali ndi malire ake. Mwachitsanzo X-Men vs. Street Fighter, imene pa makina a m'sitolo unkasankha anthu awiri n'kumawasinthanitsa, pa PlayStation kusinthanitsako kunachotsedwa chifukwa malo okumbukira anali ochepa, pamene pa Sega Saturn kunatheka powonjezera kaseti ya mamegabaiti 4. Vuto lathu kuno linali fumbi. Diso lowerenga CD linkafooka msanga, ndipo tinkagadabuza makinawo kuti awerenge. Amene anakhalapo m'chisakasa cha magemu zaka zimenezo akukumbukira PlayStation itagona chagada pa njerwa ziwiri.

Street Fighter III ya mu 1997 sinafike kuno pa nthawi yake, chifukwa m'nyumba inayambira pa Dreamcast, makina amene sindinawaonepo kuchigwa kuno. Ndimaitchula pa zifukwa ziwiri. Choyamba, m'menemo ndi momwe munalowa Elena, mtsikana wa ku Kenya womenya ndi miyendo yokha. Mu Street Fighter II ndege yoonetsa kumene nkhondo ikachitikire inkauluka pamapu kupita ku Asia, ku America, ku Ulaya, koma siinkatera mu Africa, ndipo ife ana tinkaziona zimenezo. Chachiwiri ndi zimene zinachitika mu 2004 pa mpikisano wa Evo ku California, pa mtundu wake wachitatu wotchedwa 3rd Strike. Daigo Umehara wa ku Japan, akusewera Ken, anatsala ndi kamoyo kochepa koti ngakhale kutchinga kukanamupha. Justin Wong wa ku America anatulutsa mateche otsatizana a Chun-Li. Mu gemu imeneyo muli njira yokankhira nkhonya pambali, koma uyenera kudina kutsogolo, kulowera kumene nkhonyayo ikuchokera, pa kanthawi kake kenikeni. Daigo anakankha mateche onse 15, limodzi ndi limodzi, lomaliza ali m'malere, n'kubwezera mpaka kupambana. Kanema wake alipo pa YouTube, ndipo ndimawaonetsa ana amene amabwera kwanga. Munthu aonere zimenezo, kenako andiuze ngati ndi mwayi.

M'mayiko olemera, makina a m'nyumba atakula mphamvu, malo osewerera aja anayamba kutsekedwa. Street Fighter IV inayambira m'makina oponya ndalama mu 2008 n'kulowa m'nyumba mu 2009, koma Street Fighter V ya mu 2016 inayambira m'nyumba, pa PlayStation 4 ndi pa kompyuta, chimodzimodzinso Street Fighter 6 ya mu 2023. Kumeneko mwana amakhala yekha kuchipinda, akumenyana ndi munthu amene sadzamuona kudzera pa intaneti.

Kuno zinayenda mwina, ndipo ichi ndicho ndikufuna makolo anzanga amvetse. Makina amene anapangidwira m'nyumba, kuno sanalowe m'nyumba. Nyumba zambiri za ku Chikwawa ndi ku Nsanje zilibe magetsi, ndipo mlimi wa thonje kapena wodula nzimbe sangagule PlayStation ya mwana mmodzi. Ndiye makinawo anabwerera kumsika. Chisakasa changa, ndi zina zonga icho pa Ngabu, pa Bangula, mpaka ku Nsanje boma, zikugwira ntchito imene chibokosi chija chinkagwira m'kasitolo ka ku Johannesburg: anthu awiri phewa ndi phewa, khamu kumbuyo likukuwiza, wogonja akupereka padi. Gemu imeneyi anaipangira zimenezo. Mwana akagonja, amagonja pamaso pa anzake, ndipo amaphunzira kudzuka osalira, osatukwana. Akapambana n'kuyamba matama, sipatenga nthawi, pamabwera wina womuposa. Ndaonapo mnyamata wachibwibwi, amene kusukulu ankamuseka, akulemekezedwa ndi anyamata akuluakulu chifukwa Guile wake panalibe womudutsa. Ndaonapo ana olankhula Chisena ndi ana a antchito ochokera kumtunda, amene panja sankacheza, akuphunzitsana kaponyedwe ka moto. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, ndinagula sola ndi batire kuti ntchito yanga yokonza isaime, ndipo madzulo amdima amenewo chisakasa chija chinali malo amodzi mwa ochepa owala pamzere wathu. Makolo ena ankabwera kudzatenga ana awo pomwepo chifukwa ankadziwa kumene ali.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Bambo aja pamsonkhano ananena zoona pa zinthu zingapo. Alipo ana amene amathawa m'kalasi n'kukabisala m'malo a magemu. Alipo amene amatumidwa kuchigayo n'kudula ndalama ya mgaiwa. Alipo eni malo amene amalola anyamata kuikirana ndalama pambali kuti wopambana atenge, ndipo pamenepo gemu yasanduka juga ndithu, ngakhale makinawo alibe mlandu. Aliponso amene amaikira tiana ta zaka 7 magemu okhetsa magazi ngati Mortal Kombat, imene ngakhale ku America inautsa mkangano mpaka mu 1994 anakhazikitsa bungwe loika zaka zoyenera pa gemu iliyonse. Zimenezi ndimadana nazo, ndipo ndinaphunzira movutikira. Chaka china mayi wina anabwera akulira, mwana wake atamaliza ndalama ya mayeso m'chisakasa changa masiku atatu. Ndinabweza ndalamayo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinaika malamulo amene ndinalemba ndi penti pachitseko. Masiku a sukulu sinditsegula isanakwane 3 koloko masana. Wovala yunifolomu salowa. Mwana mmodzi sapitirira magemu asanu patsiku ngakhale atakhala ndi ndalama. Ndikaona ndalama ikudutsa m'manja pakati pa osewera, ndimazimitsa TV, tsiku limenelo latha kwa onse. Ikakwana 7 koloko usiku ana onse kwawo. Mwana wanga wamkazi amasewera Chun-Li Loweruka akamaliza kuchapa ndi kulemba ntchito ya kusukulu, ndipo malamulo omwewo amamukhudza.

Pempho langa kwa mafumu, makomiti a sukulu ndi akhonsolo n'lakuti malamulo ngati amenewa akhale a aliyense amene ali ndi malo a magemu, ndipo wowaphwanya atsekeredwe iyeyo. Ife eni malo tiitanidwe, tikhale pansi, tisainirane. Koma mukatseka zisakasa zonse, anawo sabwerera kukawerenga mabuku. Apita kuseri kwa magolosale ndi m'mabala kumene kuli timakina tija ta magetsi othwanima, tolandira makobidi n'kumalonjeza kubweza zambiri, kapena atenga foni ya mkulu wawo n'kuyamba kubetcha mpira. Kumeneko kulibe khamu loonerera, kulibe mwini malo woti anene kuti basi, pita kwanu. Ndikudziwa anyamata odula nzimbe amene malipiro a mwezi amathera m'timakina timeneto tsiku lolandira lomwelo, ndipo pamsonkhano paja palibe amene anatchula timakinato ndi dzina. Tonse tinangophatikizidwa m'mawu amodzi oti magemu.

Mwezi watha munthu wina anabweretsa kamakina ka juga koteroko kuti ndimukonzere mota yake yolavula makobidi. Ndinamuuza kuti ntchito imeneyo sindigwira, koma mpaka lero sanabwere kudzakatenga, kali pansi pa benchi. Ndiye ndikuwapempha bambo amene anayankhula pamsonkhano paja, pamodzi ndi apampando a komiti ndi kholo lina lililonse lofuna, kuti abwere Loweruka m'mawa kusanatenthe. Ndikatsegula kamakinako pamaso pawo, ndiwaonetse nkhokwe, mota, ndi pamene mwini wake amatchera gawo lake. Kenako nditsegula PlayStation ayang'ane m'kati ngati muli potulukira ndalama. Akafuna, ndiwapatsa padi akhale pabenchi ndi mwana wawo, ndiwaphunzitse pansi, pansi chakutsogolo, kutsogolo ndi chibakera. Tsiku limenelo sindilipiritsa.

Ine wanu,
Wokonza mawailesi ndi ma TV,
Nchalo, Chikwawa.